Funsani Aphunzitsi: Mwana wathu ali pa community college ku America, kodi udokotala adzaufika?

Aphunzitsi,

Ndine bambo wa zaka 63, ndimakhala kufupi ndi Makwasa m'boma la Thyolo, ndipo ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Mlongo wanga anamwalira mwana wake wamkazi ali Fomu 2, choncho monga mwinimbumba ndine amene ndakhala ndikumuyang'anira. Mwanayu anakhoza bwino MSCE, koma dzina lake silinatuluke pa maphunziro a udokotala amene ankawalakalaka. Azakhali ake, omwe ndi namwino ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, anamuitana kuti akaphunzire kumeneko, ndipo ife kuno tinagulitsa ng'ombe ziwiri za mkaka ndi mitengo ya bulugamu kuti tikwanitse tikiti ya ndege ndi zina zofunika. Anapita pa viza ya ophunzira.

Tsopano papita chaka ndi theka. Posachedwapa ndamva kuti sukulu imene akuphunzirayo si yunivesite ayi koma community college, ndipo nkhongono zandithera, chifukwa community college imene ndimaidziwa ine ndi ya ku Milonga, kumene ana amaphunzira ntchito zamanja. Nditamufunsa anandiuza kuti akuchita pre-med ndipo chaka chamawa asamukira ku yunivesite. Wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha zotsatira zake, ndipo ndikuonapo ma A angapo, ma B, C mmodzi pa Chemistry, komanso chilembo cha W chimene sindikuchimvetsa. Palinso Anatomy and Physiology, phunziro limene azakhali ake anamulangiza kuti atenge. Kumudzi kuno anthu ayamba kale kumutchula kuti adokotala. Kodi mwanayu akutinamiza? Ngati njirayi ilipodi, idzatenga zaka zingati, nanga ife tikonzekere chiyani?

Malume wodandaula, Makwasa, Thyolo

Malume, khazikani mtima pansi, chifukwa mwanayo sakukunamizani. Chakusokonezani ndi dzina chabe. Makoleji a m'madera amene boma lathu linayamba kutsegula mu 2015, monga ya Milonga imene mwaitchulayo, anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa ntchito zamanja, koma ku America dzina lomwelo limanyamula katundu wina. Kumeneko community college ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri, yotsika fizi, imene imaphunzitsa ntchito zamanja ndithu, komanso imaphunzitsa maphunziro omwe wophunzira wa pa yunivesite amachita m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Womaliza amalandira associate degree, ndipo yunivesite ikamulandira amatha kukayambira chaka chachitatu n'kumaliza digiri m'zaka ziwiri zotsalazo. Pa satifiketi ya digiriyo pamalembedwa dzina la yunivesite imene wamalizirayo. Ana ambiri a eni dziko amadzera njira yomweyi pofuna kupulumutsa ndalama, choncho azakhali ake sanalakwe kumuyambitsira pamenepo.

Chimene muyenera kumvetsa kuyambira pano ndi chakuti ku America munthu salowa sukulu ya udokotala kuchokera ku sekondale monga timachitira kwathu kuno. Kuno mwana akasankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, imene timaitchula mwachidule kuti KUHeS, amachita chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka zisanu za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS, ndipo kuyambira tsiku loyamba amadziwa kuti malo ake a udokotala alipo malinga akhoze. Ku America amayamba wamaliza digiri ya zaka zinayi, kenako n'kupikisana ndi anzake kuti alowe sukulu ya udokotala ya zaka zina zinayi, ndipo akatuluka amagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala kwa zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, malinga ndi nthambi imene wasankha. Mawu akuti pre-med si dzina la digiri, ndipo palibe satifiketi yolembedwa choncho imene mudzaipachike pakhoma. Ndi mndandanda wa maphunziro amene sukulu za udokotala zimafuna kuti munthu akhale atachita: chaka cha Biology, chaka cha General Chemistry, chaka cha Organic Chemistry ndi chaka cha Physics, onsewa ndi labotale yake, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, ndipo sukulu zambiri masiku ano zimafunanso Biochemistry. Wophunzira akhoza kutenga digiri ya phunziro lililonse, bola mndandandawo aukwaniritse.

Chitsanzo chake tili nacho pafupi, ngakhale ambiri sitichiganizira motero. Dr. Hastings Kamuzu Banda anafika ku America mu 1925, anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, kenako analowa Indiana University, m'chigawo chomwecho chimene muli mwana wanuyo, monga wophunzira wokonzekera udokotala. Sanamalizire pamenepo. Anasamukira ku University of Chicago kumene anatenga digiri mu 1931 atazama pa mbiri yakale, ndipo udokotala anakaumaliza ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1937, sukulu yomwe Dr. Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu anamalizako mu 1917. Kuchokera pofika mpaka pa udokotala zinamutengera zaka 12, ndipo anapitanso ku Edinburgh kukatenga mapepala ena chifukwa boma la Atsamunda linkafuna mapepala a ku Britain. Kusamuka sukulu pakati pa ulendo si chinthu chachilendo kapena chochititsa manyazi, koma muone kutalika kwa msewuwo.

Tibwere ku kusamukako. Ku America maphunziro amawerengedwa m'makirediti, ndipo musasokoneze ndi kirediti ya MSCE imene imasonyeza kuti mwana wakhoza bwino phunziro. Kumeneko kirediti ndi muyeso wa kuchuluka kwa maola ophunzira: phunziro wamba la semesita imodzi kawirikawiri limalemera makirediti 3, la sayansi lokhala ndi labotale limafika 4 kapena 5, associate degree imafuna pafupifupi 60, ndipo digiri yonse imafuna pafupifupi 120. Kusamuka ndiye kunyamula makirediti 60 aja kupita nawo ku yunivesite. Vuto ndi lakuti yunivesite ndiyo imagamula zimene ilandire, monga momwe amachitira wogula tiyi pasikelo: dengu likhoza kudzaza, koma iye amayang'ana masamba, ndipo okhwima amawataya pambali ngakhale wothyolayo watuluka nawo thukuta. Phunziro lina amalilandira n'kuliwerengera pa digiri, lina amalilandira ngati longowonjezera losachotsa kanthu pa zofunika za digiriyo, ndipo lina amalikana. Apa ndi pamene ana ambiri amataya chaka chathunthu pamodzi ndi fizi yake.

Mwayi wa mwana wanu ndi wakuti chigawo cha Indiana chinakonza dongosolo lothandiza pa nkhani imeneyi. Koleji yaikulu ya mtunduwu kumeneko ndi Ivy Tech, yomwe ili ndi nthambi m'mizinda yambiri kuphatikizapo South Bend, ndipo pali mgwirizano wotchedwa Transfer Single Articulation Pathways pakati pa koleji imeneyi ndi mayunivesite a boma monga Indiana University ndi Purdue. Wophunzira amene wamaliza associate degree yonse motsata njira ya mgwirizanowu, mwachitsanzo ya Biology kapena ya Chemistry, akalandiridwa pa yunivesite ya boma amalowa ngati wa chaka chachitatu pa phunziro lomwelo. Mawu oti akalandiridwa muwagwire bwino, chifukwa mgwirizanowu umateteza makirediti, koma malo sumupatsa. Ayenerabe kulembera ndi kukwaniritsa zofuna za yunivesiteyo. Palinso mndandanda wotchedwa Core Transfer Library, wosonyeza maphunziro amene sukulu za boma m'chigawomo zimalandirana. Choyamba chimene mumufunse mwanayo ndi chakuti kodi ali pa njira ya mgwirizanowu kapena akungotola maphunziro apa ndi apo.

Tsopano tiyang'ane chithunzi chija muli nacho m'foni, pakuti nkhani yeniyeni ili m'menemo. Chikulitseni ndi zala ziwiri ndipo muwerenge dzina lonse la phunziro la Chemistry, osati giredi yokha. Ngati palembedwa General Chemistry, ali pa msewu woyenera. Ngati palembedwa Introductory Chemistry kapena dzina lina losonyeza kuti ndi la ophunzira unamwino ndi ntchito zina zachipatala, ndiye kuti phunzirolo sukulu zambiri za udokotala siziliwerengera pa mndandanda uja, ndipo ayenera kuyamba General Chemistry kuchokera pachiyambi. Ndikukayikira pang'ono chifukwa cha Anatomy and Physiology imene mwaitchula. Phunziro limeneli ndi labwino ndipo lidzamuthandiza m'tsogolo, koma ndi mwala wa pangodya wa njira ya unamwino, njira imene azakhali ake amaidziwa bwino chifukwa ndi imene anadutsa, ndipo kawirikawiri silitenga malo a Biology imene a udokotala amafuna. Azakhaliwo analangiza ndi mtima wabwino, kungoti analoza msewu wa kwawo.

Chifukwa chimene ndikukakamira pa Chemistry ndi chakuti maphunziro ake amamangana ngati unyolo. Munthu sangayambe General Chemistry yachiwiri asanakhoze yoyamba, sangalowe Organic Chemistry asanamalize ziwirizo, ndipo Biochemistry imabwera pambuyo pa Organic. General ndi Organic pazokha ndi masemesita anayi, kutanthauza zaka ziwiri, ndipo palibe nzeru imene ingazifupikitse kupatula kuphunzira nthawi ya tchuthi chachikulu. Ngati patatha chaka ndi theka mwanayo sanayambebe unyolo umenewu, ndiye kuti ngakhale atasamuka chaka chamawa monga akunenera, digiri yake kapena mayeso ake olowera udokotala adzachedwa ndi chaka. Zimenezi si tsoka lalikulu, koma ndi bwino banja lizidziwe lero kusiyana n'kudzazimva fizi itatha. Langizo langa ndi lakuti asadule phunziro la magawo awiri pakati, gawo loyamba pa koleji ndipo lachiwiri pa yunivesite, chifukwa sukulu ziwiri sizigawa mitu mofanana ndipo mwana amakapeza anzake akudziwa zimene iye sanaphunzitsidwe. Ayambe ndi kumalizira pamalo amodzi.

Chilembo cha W chikutanthauza kuti analembetsa phunziro kenako n'kulisiya semesita ili mkati. Sichitsitsa magiredi ake, ndipo W mmodzi palibe amene angamuimbe naye mlandu, koma kwa mwana wa pa viza ya ophunzira, imene amaitcha F-1, pali msampha wina: lamulo limafuna kuti akhale ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, ndipo kutsika pamenepo popanda chilolezo cha ofesi yoona za ophunzira akunja kumaika viza yake pachiswe. Mumufunse ngati anadzera ku ofesi imeneyo asanasiye phunzirolo. C wa pa Chemistry nayenso sakutseka chitseko, poti mayunivesite ambiri amalandira makirediti a phunziro limene mwana wapeza C kapena kuposa. Koma pali chinthu chimene ana ambiri amachizindikira mochedwa. Akafika pa yunivesite, kawirikawiri chiwerengero cha magiredi ake, chimene amachitcha GPA ndipo pamwamba pake ndi 4.0, chimayambira poyera, ndiye mwana amaganiza kuti zakale zafafanizika. Podzalembera sukulu ya udokotala kudzera ku AMCAS, njira imene sukulu zambiri zimalandirira makalata, amayenera kutumiza zotsatira za koleji iliyonse imene anaphunzirapo, ndipo magiredi onse amawerengedwa pamodzi, ngakhale a phunziro limene analibwereza. Amawerengeranso padera GPA ya Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. C uja adzayenda naye mpaka kumapeto, ndipo mankhwala ake ndi kukhoza bwino kwambiri maphunziro a Chemistry otsatirawo.

Mwina mwanayo wamva kale mphekesera yakuti sukulu za udokotala zimanyoza sayansi ya pa community college. Zoona zake ndi zakuti sukulu zambiri zimalandira maphunzirowo, zina zimanena poyera kuti zimakonda kuti achitidwe pa yunivesite, ndipo mfundo za sukulu iliyonse zimapezeka mu MSAR, kaundula amene bungwe la sukulu za udokotala la AAMC limatulutsa. Maganizo anga ndi akuti wophunzira wosamuka asataye tulo ndi nkhaniyi. Chimene osankha ophunzira a udokotala amafuna kuona ndi chakuti atafika pa yunivesite anatenga sayansi yolemera, monga Biochemistry, Genetics ndi Cell Biology, ndipo magiredi ake sanagwe. Semesita yoyamba ndiyo yoopsa, chifukwa mwana wozolowera kalasi yaing'ono kumene mphunzitsi amamudziwa dzina akhoza kupezeka m'holo ya anthu mazana, liwiro la maphunziro litakwera, mwinanso atachoka pakhomo pa azakhali ake n'kuyamba kudziphikira ndi kudzilipirira nyumba. Asadzisenzetse maphunziro olemera anayi nthawi imodzi pofuna kuonetsa mphamvu, kuthamanga sikufika. Asaiwalenso aphunzitsi ake a pa koleji, pakuti adzafunika makalata omuchitira umboni, ndipo mphunzitsi amene anamuona m'labotale chaka chonse akhoza kulemba kalata yamoyo kuposa pulofesa amene anangomuona patali.

Mayeso olowera udokotala amatchedwa MCAT. Ali ndi zigawo zinayi, amatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri ndi theka, ndipo malikisi ake amayambira pa 472 kulekeza 528. Amafunsa Biology, Biochemistry, Chemistry ndi Physics, komanso Psychology, Sociology ndi luso lomvetsa nkhani yolembedwa m'Chingerezi chozama, gawo limene limasautsa ana athu ambiri ngakhale anakhoza Chingerezi cha MSCE. Amene amalandiridwa m'sukulu zopereka digiri ya udokotala yotchedwa MD amakhala ndi malikisi ozungulira 511 kapena 512 tikatenga pakatikati, ndi GPA yoyandikira 3.8. Makalata amayamba kutumizidwa kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ndipo wolandiridwa amakayamba sukulu chaka chotsatiracho cha m'ma Ogasiti. Izi zikutanthauza kuti wofuna kulowa udokotala atangomaliza digiri ayenera kulembera kumapeto kwa chaka chachitatu, pamene mwana wosamuka wangokhala pa yunivesite miyezi isanu ndi inayi yokha, asanadziwane ndi aphunzitsi, mwinanso asanamalize Biochemistry. N'chifukwa chake ambiri osamuka amadikira kuti alembere atamaliza chaka chachinayi, n'kukhala chaka chimodzi pakati akugwira ntchito kapena kuchita kafukufuku. Mukawerengera zaka ziwiri za koleji, ziwiri za yunivesite, chimodzi chodikira, zinayi za udokotala ndi zitatu za m'chipatala, mupeza zaka 12, zofanana ndi za Kamuzu zija, ndipo pamenepo ndiye kuti palibe chapunthwa.

Malume, mpaka pano ndakuuzani zolimbikitsa, koma ndikanakhala wosakhulupirika ndikanalekera pomwepa. Khomo lolowera ku yunivesite ndi lotakasuka; lopapatiza lili kutsogolo. Chaka chilichonse anthu oposa 50,000 amalembera sukulu za MD ku America, ndipo amene amalowa ndi pafupifupi anayi pa khumi alionse. Kwa mlendo amene si nzika ndipo alibe green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo, zinthu zimavuta koposa. Mwa sukulu za MD zoposa 150, zimene zimayang'ana n'komwe kalata ya mlendo sizifika theka, ndipo alendo amene amalowa pa chaka m'dziko lonselo ndi mazana ochepa chabe. Mlendo salandira ngongole ya boma la America imene ana a eni dziko amaphunzirira udokotala, pamene zaka zinayizo, kuphatikiza fizi, nyumba ndi chakudya, zimadya madola oposa 250,000 m'sukulu zambiri. Sukulu zina zimafuna kuti mlendo asonyeze kapena asungitse ndalama za chaka chimodzi, zina za zaka zonse zinayi, asanalowe m'kalasi. Zilipo sukulu zochepa zolemera zimene zimathandiza mlendo ndi ndalama zawozawo, koma kumeneko ndi kumene mpikisano umafika pachimake. Ng'ombe za mkaka sizingafike pamenepo, ngakhale mbumba yonse itagulitsa makola ake. Ngati azakhali ake ali ndi njira yovomerezeka imene mwanayo angapezere green card, nkhani yonseyi imasintha, ndipo limenelo ndi funso lofunika kulitengera kwa loya wodziwa malamulo a zolowa ndi kutuluka, osati kwa anzake a kutchalitchi kapena a pa Facebook.

Ngakhale kusamuka kwa chaka chamawaku kuli ndi mtengo wake umene muyenera kuukonzekera. Pa yunivesite ya boma, mlendo amalipira fizi yoposa kawiri ya mwana wa m'chigawomo, ndipo yunivesiteyo isanamupatse chikalata chatsopano cha I-20, chimene viza yake imatsamirapo, imafuna umboni wa ku banki wosonyeza kuti ndalama za chaka chathunthu zilipo. Ofesi ya ophunzira akunja ya pa koleji ndiyo imasamutsa dzina lake m'kaundula wa boma wotchedwa SEVIS kupita ku sukulu yatsopano, choncho ayenera kuidziwitsa nthawi ikadalipo. Mayunivesite ena ali ndi masikolashipu a ophunzira osamuka, ndipo masiku ake otsekera amafika msanga kuposa a makalata wamba. Afunse ngati alendo amaloledwa kupikisana nawo. Za ntchito, lamulo limamulola kugwira pa sukulu pomwepo maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Ndikudziwa kuti yesero lokagwira ganyu yosamalira okalamba kunja kwa sukulu limakhala lalikulu, makamaka kumudzi kukamabwera mauthenga opempha feteleza, koma kugwira ntchito yotere popanda chilolezo kukhoza kumuthetsera viza ndi maphunziro omwe. Inu monga mwinimbumba, tsekani khomo la mapempho amenewo. Asabwerenso kudzacheza kuno asanafunse ofesi ija ngati adzatha kubwerera, chifukwa malamulo a viza okhudza Amalawi akhala akusintha. Mukukumbukira kuti mu Ogasiti 2025 boma la America linalamula kuti Amalawi ofuna viza yokacheza azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000.

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi ine ndikulangiza phanga limodzi la makomo awiri. Mwanayo asankhe digiri imene ikukwaniritsa mndandanda wa pre-med komanso ingamudyetse payokha ngati khomo la udokotala ku America litakana kutseguka, monga Biochemistry, Microbiology kapena sayansi ya za m'labotale ya chipatala. Womaliza digiri pa viza ya F-1 amaloledwa kugwira ntchito yogwirizana ndi maphunziro ake kwa miyezi 12, ndipo a digiri za sayansi zovomerezeka amatha kuwonjezeredwa miyezi ina 24. Khomo lachiwiri ndi la kwathu. KUHeS, imene inaima payokha mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imalandiranso anthu amene ali kale ndi maphunziro apamwamba a sayansi, ndipo zofunika zake zimalembedwa m'chilengezo cha chaka chilichonse. Mapepala a kunja amayamba adzera ku National Council for Higher Education kuti ayesedwe kulemera kwake. Mwana wobwera ndi digiri yabwino ya sayansi n'kudzaphunzira udokotala ku Blantyre, odwala akuwaonera pa Queen Elizabeth Central Hospital, sanalephere ayi, ndipo ngati cholinga chake ndi kudzathandiza anthu a ku Thyolo, mwina njira imeneyi ndi yaifupi ndi yotsika mtengo kuposa inayo. Pachifukwa chimenechi asunge chikalata cha zotsatira cha sukulu iliyonse pamodzi ndi mapepala ofotokoza zimene phunziro lililonse linaphunzitsa, chifukwa oyesa mapepala amazifuna ndipo kuzifunafuna patapita zaka kumavuta.

Za dzina la adokotala limene anthu ayamba kumupatsa, ndikupempheni kuti mulizimitse mwaulemu. Mwana amene mudzi wonse wamuveka kale jekete loyera amaopa kunena akapeza C, amabisa akafuna kusintha njira, ndipo ena amasiya kuyankha foni. Mukamuimbira Lamlungu likudzali musayambe ndi mlandu wakuti bwanji sanakuuzeni kuti ndi koleji. Mufunseni dzina lonse la Chemistry ndi Biology zimene wachita, mufunseni ngati wakhala pansi ndi mlangizi wa pre-med wa ku yunivesite imene akufuna kupitako, osati wa pa koleji yekha, ndipo mufunseni chiwerengero cha madola chimene yunivesiteyo ikufuna kuona ku banki isanatulutse I-20. Chiwerengero chimenecho mukachimva, itanani azakhali ake pa foni yomweyo kuti mugawane mtolo miyezi ikadalipo.

Aphunzitsi,

Ndine mnyamata wa ku Chitakale m'boma la Mulanje, ndipo ndili chaka chachiwiri cha dipuloma ya clinical medicine pa koleji ina ya mishoni. Mnzanga amene ali kunja akuti kumeneko munthu akachita zaka ziwiri pa koleji yaing'ono amasamukira ku yunivesite n'kupitiriza chaka chachitatu. Kodi inenso ndingasiye pano n'kukalowa chaka chachitatu cha MBBS ku KUHeS? Mtima wanga uli pa udokotala weniweni.

Wofunitsitsa, Chitakale, Mulanje

Achimwene, zimene akunena mnzanuyo ndi zoona kumene aliko, koma ngakhale kumeneko chimene amasamukira ndi digiri yoyamba, osati sukulu ya udokotala. Kwathu kuno dipuloma ya clinical medicine, kaya ya ku Malamulo College of Health Sciences kaya ya ku Malawi College of Health Sciences, sinakonzedwe kuti ikhale theka loyamba la MBBS. Ndi maphunziro oima paokha a zaka zitatu, amene amafulumira kukufikitsani pa bedi la wodwala, pamene MBBS imayamba ndi zaka zozama pa sayansi ya thupi la munthu wophunzira asanayambe kuzungulira m'mawodi. Misewu iwiriyi imayenda moyandikana koma sinalumikizidwe pakati, choncho mukasiya lero mudzakhala mulibe dipuloma, mulibenso malo ku yunivesite.

Malizani, chitani chaka chanu choyeserera ntchito, ndipo lembetsani ku Medical Council of Malawi. Mukatero mudzakhala ndi ntchito m'manja ndi pepala lolembera nalo maphunziro apamwamba. KUHeS ili ndi madigiri okonzedwera anthu a dipuloma yanu m'nthambi monga maopareshoni, matenda a ana ndi uchembere, ndipo ngati mtima ukadali pa MBBS, werengani chilengezo chawo cha chaka chimenecho kuti muone khomo limene mapepala anu akuloleza, muli wokonzeka kuyambira pamene iwo akuikeni ngakhale kutakhala kumunsi. Pitaninso mukayang'ane satifiketi yanu ya MSCE, makamaka magiredi a Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, chifukwa yunivesite imayang'anabe pamenepo ngakhale munthu ali ndi dipuloma, ndipo ngati limodzi mwa maphunzirowa linatsalira, nthawi yabwino yolilembanso ndi ino mutu ukadali m'mabuku.

Mawu akuti udokotala weniweni ndawaona, koma musakawanene pamaso pa amene akukuphunzitsani m'mawodi. M'zipatala za maboma monga cha Mulanje ndi cha Thyolo, maopareshoni ambiri a amayi ovutika pobereka amachitidwa ndi anthu a dipuloma yomwe mukuphunzirayo, nthawi zina pakati pa usiku dokotala wa MBBS ali kutali.